Ntchito Ikasamuka: Malangizo kwa Ana a ku Machinga ndi Balaka

Kusamutsa ntchito ndi mchitidwe umene kampani imachotsa gawo la ntchito zake m'dziko limodzi n'kulipititsa kudziko lina kumene anthu angaligwire pa malipiro otsika. M'maofesi amangoti offshoring. Mchitidwewu uli ndi mbale wake, outsourcing, pamene ntchito sichoka m'dziko koma imachoka m'manja mwa kampani n'kupatsidwa kwa kampani ina pa kontrakiti. Kwa wantchito, kusiyana kwake n'kochepa. Poyambapo, desiki yake imatsekedwa. Pachiwiripo, desiki ndi yomweyo, ntchito ndi yomweyo, koma yunifolomu, bwana ndi kalata ya malipiro zasintha. Ana ndi adzukulu a ku Machinga ndi Balaka amene lero akuphunzira za makompyuta ku MUST, ku MUBAS, ku Mzuzu University kapena m'makoleji a ntchito zamanja adzakumana nazo zonse ziwiri, ndipo ndi bwino azidziwe asanapachike satifiketi pakhoma.

Ntchito za makompyuta zimasamuka mosavuta kuposa ntchito zina zonse chifukwa katundu wake salemera. Thumba la chimanga lochokera ku Nsanama limafuna lole, dizilo ndi msewu kuti lifike ku Limbe. Pologalamu ya pakompyuta imawoloka nyanja munthu asanathe kuphethira. Makampani a ku America ndi ku Ulaya anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1990, pamene anayamba kutumiza ntchito zolemba ndi kukonza mapologalamu ku India, m'mizinda ngati Bangalore, Hyderabad ndi Pune. Kumeneko kunali achinyamata ambiri odziwa masamu ndi Chingerezi, ndipo malipiro a injiniya mmodzi wa ku California ankakwanira mainjiniya angapo. Makampani a ku India monga Infosys, Wipro ndi Tata Consultancy Services anakulira pa ntchito zotere. Dziko la Philippines linatenga ntchito zoyankha mafoni a makasitomala. Pofika mu 2017, kampani ya IBM, imene ndi ya ku America, inali ndi antchito pafupifupi 130,000 ku India, ochuluka kuposa amene inali nawo kwawo.

Madandaulo a antchito anakula limodzi ndi mchitidwewu. Mu 2015 kampani ya Disney inachotsa antchito a makompyuta pafupifupi 250 ku Orlando, ndipo ena mwa iwo anauzidwa kuti asanachoke aphunzitse kaye anthu odzalowa m'malo mwawo, amene anabwera kudzera m'makampani a kontrakiti. Nkhaniyi inawawa anthu ambiri, chifukwa kunali ngati kuuza mlimi kuti anole khasu lodzalimira munda umene walandidwa. Kenako kunabwera nyengo ya kuchotsa anthu mwaunyinji: Meta, mwini wake wa Facebook, inachotsa anthu 11,000 mu Novembala 2022, ndipo mu Januwale 2023 Amazon inalengeza 18,000, Google 12,000, Microsoft 10,000. Si onsewa amene ntchito zawo zinasamukira kunja, koma otsala ankaona malo atsopano akutsegulidwa ku India, ku Mexico ndi ku Poland pamene kwawo zitseko zinali zotseka. Mu Africa namonso mphepoyi inawomba. Mu 2019 kampani ya Andela inasiya achinyamata oyamba kumene ntchito pafupifupi 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda. Mu Novembala 2022 Twitter inachotsa pafupifupi antchito onse a ofesi yake ya ku Accra, patangopita masiku ochepa itatsegulidwa. Mu 2024 Microsoft inatseka malo ake opangira mapologalamu ku Lagos. Mwana wa ku Ulongwe angamve zimenezi ngati nthano za kutali, koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

M'Malawi muno makampani akuluakulu a zaukadaulo ndi a mafoni, ndipo mbiri yawo ndi ya kusintha manja. TNM inayamba mu 1995 ngati mgwirizano wa bungwe la boma la mapositi ndi matelefoni ndi kampani ya Telekom Malaysia. Mu 2000 bungwe la bomalo linagawidwa pawiri, kukhala MTL ndi Malawi Posts Corporation, ndipo patapita zaka zochepa MTL inagulitsidwa kwa anthu wamba. Celtel inafika mu 1999, inasanduka Zain mu 2008, ndipo mu 2010 kampani ya ku India ya Bharti Airtel inagula nthambi za Zain m'mayiko 15 a mu Africa pa mtengo wa madola 10.7 biliyoni. Munthu amene analowa ntchito mu 2005 anavala mayunifolomu atatu asanasinthe mpando.

Bharti inabwera ndi kayendetsedwe kamene inakulira nako ku India: kusunga makasitomala ndi dzina, n'kupereka ntchito zina zambiri kwa akatswiri a kontrakiti. Chaka chomwecho cha 2010 inasayina pangano la zaka khumi ndi IBM loyendetsa makompyuta ake m'mayiko 16 a mu Africa, ndipo ntchito zoyankha makasitomala inazigawa kwa IBM, Tech Mahindra ndi Spanco. Mu 2022 nsanja za netiweki 723 za Airtel Malawi zinagulitsidwa kwa Helios Towers, kampani imene likulu lake lili ku London. Palibe chachilendo kapena chobisika pamenepa. Ndi mmene makampani a mafoni ambiri padziko akuyendera. Koma tanthauzo lake kwa wachinyamata ndi lalikulu. Nsanja imene yaima paphiri pafupi ndi mudzi ikhoza kukhala ndi mwini wake wina, zipangizo za pamwamba pake n'kukhala za kampani ina, wothira dizilo mu jenereta n'kukhala wa kampani yachitatu, mlonda wa pachipata wachinayi. Kumudzi onsewa amangoti amagwira ku kampani ya mafoni. Pa kalata ya malipiro ndi pamene choonadi chimaonekera.

Kwa anthu a maboma awiriwa, kusamuka kwa ntchito si nkhani yobwera ndi makompyuta. Thonje la ku Utale, ku Phalula ndi ku Rivirivi linayamba kalekale kuphunzitsa phunziro lomweli. Mlimi amalima, kupopera mankhwala ndi kutola. Thonje limachotsedwa njere pa Balaka. Koma kupota ulusi, kuluka nsalu ndi kusoka malaya, kumene kuli ntchito zambiri ndi ndalama zambiri, kumachitikira makamaka kunja. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inkalemba anthu masauzande pa nthawi yake, koma inafooka nsalu zotsika mtengo ndi kaunjika zitadzaza misika, mpaka inagulitsidwa mu 2003. Mu 2022 ADMARC, imene agogo ambiri ankaiona ngati phiri losasunthika, inatseka zitseko n'kuchotsa antchito ake onse kuti iyambirenso.

Njanji nayo ili ndi umboni wake. Msewu wa sitima wochokera pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka ku Nayuchi unatsegulidwa mu 1970, ndipo kugwira ntchito ku Malawi Railways kunali ulemu wa banja lonse. Mu 1999 njanji inaperekedwa kwa Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kudutsa pa Nkaya, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa Vulcan, ya eni ake a ku India. Sitima zikudutsabe pa mlatho wa Shire, koma amene amalamula zoyenda zake akhala akusinthasintha, ndipo sanakhalepo pa Nkaya. Kumbuyo kwa zonsezi kuli Wenela, bungwe limene linkalemba amuna ntchito za kumigodi ya ku Joni. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Ulendo unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA n'kutheratu mu 1988. Amene anabwera ndi luso la ukalipentala, umakaniko kapena utelala anapitiriza moyo. Amene anabwera ndi wailesi, njinga ndi jekete zokha anaziona zikutha chimodzichimodzi. Adzukulu awo ndi amene lero akulemba mapologalamu, ndipo funso lake silinasinthe: ntchito ikatha, m'manja mutsala chiyani?

Pambali pa kusamuka kwa ntchito, dandaulo lachiwiri la antchito a zaukadaulo ndi kuima pamodzi, zaka n'kumapita udindo osakwera. Gwero lake ndi lomwelo. Kampani ili ngati makwerero: pansi pali oyika zipangizo, oyankha mafoni ndi okonza zowonongeka, pakati pali opanga mapulani a netiweki ndi olemba mapologalamu akuluakulu, pamwamba pali ogamula zoti kugulidwe chiyani ndipo kwa yani. Ntchito ikasamutsidwa, kawirikawiri amachotsa matabwa a pakati. Mapulani amajambulidwa ku Nairobi, ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku India, ndipo kunthambi kumatsala ntchito yotsatira malangizo. Wachinyamata amalowa ndi digiri yabwino, amadziwa ntchito yake m'zaka ziwiri, kenako amayang'ana m'mwamba n'kupeza kuti thabwa lotsatira kulibe. Mipando ya mabwana ndi yowerengeka, ndipo okhalapo si okalamba. Kusintha kampani nako n'kovuta m'dziko limene makampani akuluakulu a mafoni a m'manja ndi awiri, mabanki n'kukhala owerengeka pa zala.

Choipa kwambiri pa kuima kotere si dzina la udindo ayi, ndi kuchita dzimbiri kwa mutu. Munthu amene ntchito yake yasanduka yotumiza madandaulo kwa akatswiri a kunja n'kudikira yankho amaiwala pang'onopang'ono zimene anaphunzira. Pakatha zaka zisanu ndi zitatu amadziwa bwino mafomu a kampani imodzi, koma sangakhoze mayeso olowera ntchito kwina. Pamwamba pa izi pali kugwa kwa kwacha, imene inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro osakwera m'nyengo yotere ndi malipiro otsika. Ndipo kumudzi sadziwa zimenezi. Mwana wogwira ntchito ya makompyuta m'tauni ndiye nkhokwe ya mbumba: fetereza, fizi ya asuweni, malata a nyumba ya amayi, maliro. Akanena kuti zinthu zathina, ena amati wayamba kunyada. Makolo nawo ali ndi gawo lawo pa malangizowa, chifukwa mwana wopanikizidwa mbali zonse ndi amene amakathera kwa akatapila.

Kukhumudwa pa zinthu zotere si tchimo. Munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika n'kuona ikupatsidwa kwa ena ali ndi chifukwa chomveka chowawidwira mtima. Nkhani yagona pa kumene mkwiyowo walunjika. Kawirikawiri umagwera munthu wolakwika: mnyamata wa ku India kapena wa ku Kenya amene watumizidwa kudzaphunzira ntchito, kapena mawu a pafoni ochokera kutali amene tsopano akupereka malangizo. Iyeyo sanagamule kanthu. Nayenso ali ndi amayi ake omudikira, nayenso ntchito yake idzasamuka tsiku limene kudzapezeke wotsika mtengo kuposa iye. Ana a ku Machinga ayenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense, popeza abale awo ambiri ali ku Joni, kumene mu 2008 ndi mu 2015 anathamangitsidwa ndi zikwanje pa mlandu womwewu wakuti akulanda ntchito za eni dziko, mpaka boma linatumiza mabasi kukawatenga. Amene mchimwene wake anagonapo m'tenti ku Durban sayenera kunyoza mlendo chifukwa cha ntchito.

China chofunika kusamala ndi pakamwa. Gulu la anthu a zaukadaulo m'Malawi ndi laling'ono. Amene ali bwana ku banki lero anali mnzake wa kalasi wa bwana wa ku kampani ya mafoni, ndipo onse amakumana pa misonkhano ya bungwe lawo la ICTAM kunyanja. Mawu olembedwa pa Facebook usiku, mtima uli m'mwamba, amajambulidwa n'kusungidwa, ndipo amadzatulukira patatha zaka zitatu patebulo la mafunso olowera ntchito. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Izi sizikutanthauza kukhala chete ngati nkhosa. Dandaulo lolembedwa bwino, lopita kwa woyenera, lokhala ndi masiku ndi manambala, limamveka kuposa kulalata, ndipo limasiya umboni wothandiza pa tsiku la mlandu.

Pali funso limene limavutitsa ambiri: wauzidwa kuti aphunzitse wodzatenga ntchito yake, atani? Ena amabisa mapasiwedi, ena amaphunzitsa mopotoza dala, ena amafufuta mafayilo tsiku lomaliza. Zonsezi zimakoma kwa tsiku limodzi. Kuwononga kapena kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo dzina la munthu wotero limafika kutali iye asanafike. Wanzeru amapereka ntchito mwadongosolo, n'kupempha kalata yomuchitira umboni nthawi yomweyo, pamene akumufunabe. Si zachilendo kuti kampani ya kontrakiti imene yatenga ntchitoyo ibwerere kudzafuna yemwe ankaidziwa bwino, ndipo pamenepo mtengo amatchula ndi iye.

Chiyeso china n'chakuba, ndipo chimabwera chitavala malaya a chilungamo. Munthu amadziuza kuti kampani yamudyera masuku pamutu, ndiye palibe cholakwa kupungula dizilo wa jenereta, kugulitsa batire la pansanja, kapena kupatsa akathyali manambala ndi mayina a makasitomala. Wolira si mwini masheya wa ku London. Ndi mayi wa pa Ntaja amene netiweki yamuthera ali pakati poitana galimoto yopita kuchipatala, ndi gogo wa ku Nayuchi amene ndalama zake za pa Mpamba kapena Airtel Money zasesedwa ndi munthu womuyimbira ngati wa kuofesi. Makina a masiku ano amalemba dzina la aliyense wotsegula akaunti ya kasitomala, ndi ola lake lomwe. Ambiri ogwidwa ndi ana ophunzira bwino amene makolo anagulitsa mbuzi kuti awalipirire sukulu.

Chida choyenera ndi lamulo, ndipo achinyamata ambiri ophunzira salidziwa. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, kaya chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito, kapena zosowa za kampani. Wochotsedwa chifukwa chakuti kampani ikuchepetsa anthu kapena kusintha kayendetsedwe amayenera kulandira ndalama yotsazikira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Kampani kapena gawo lake likagulitsidwa, makontrakiti a antchito amapita kwa mwini watsopano pamodzi ndi zaka zimene agwira kale, choncho wouzidwa kuti asayine pepala losiya ntchito kuti alembedwe mwatsopano ayambe wafunsa. Lamulo lomweli limati kontrakiti ya nthawi yochepa ikagwiritsidwa ntchito podzaza malo okhazikika a kampani, imatengedwa ngati yopanda malire. Iyi ndi mfundo yofunika kwa amene amasayinitsidwa miyezi isanu ndi umodzi chaka ndi chaka. Woona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khothi la Industrial Relations Court. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, koma kudulidwa pa malipiro si umboni wakuti ndalamayo yafika. Ndi bwino kupempha sitetimenti chaka chilichonse. Safunsa anadya phula. Ndipo funso loyamba pa tsiku lolowa ntchito likhale lakuti dzina lolembedwa pamwamba pa kontrakiti ndi la yani, chifukwa ameneyo ndiye bwana pamaso pa lamulo, osati dzina la pa chipewa.

Achinyamata ovala mataye amakonda kuganiza kuti mabungwe a antchito ndi a anthu a m'minda ya tiyi ndi m'mafakitale. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limapereka ufulu wolowa bungwe kwa wantchito aliyense wa m'kampani, ndipo a zamtokoma ndi zamafoni ali ndi COWUMA. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Bungwe silingaletse kampani kusamutsa ntchito, koma lingakambirane za nthawi ya chenjezo, kukula kwa ndalama yotsazikira ndi maphunziro a otsala, zinthu zimene munthu mmodzi woitanidwa yekha mu ofesi Lachisanu madzulo sangazikambe.

Koma chitetezo chachikulu ndi luso, ndipo apa m'pofunika kudekha. Ntchito zimene zimasamuka msanga ndi zobwerezabwereza, zolembeka pa pepala limodzi, zimene aliyense angaphunzire m'milungu iwiri. Zimenezinso ndi zimene makina anzeru za AI ayamba kulanda, ngakhale ku India komweko. Zovuta kusamutsa ndi za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi ntchito yofuna manja pamalo: kulumikiza fayiba yoduka pa msewu wa Liwonde ndi Mangochi, kukonza magetsi a sola, kukwera nsanja, kusamalira zipangizo pa siteshoni ya magetsi ngati ya Phombeya. Wachiwiri ndi ntchito yofuna kudziwa anthu: kumvetsa chifukwa chake ejenti wa pamsika wa Liwonde amasowa ndalama ya fuloti tsiku la msika, kudziwa mmene banki m'khonde imasungira mabuku ake, kutha kufotokoza pologalamu m'Chiyao kwa mayi amene sawerenga Chingerezi. Injiniya wa ku Pune sangathe zimenezi. Mwana wa ku Kawinga amene ali ndi ukadaulo pamodzi ndi chilankhulo ndi mudzi ali ndi chinthu chosagulika kunja, ngakhale ambiri amachita nacho manyazi akafika m'tauni.

Ukaipa dziwa nyimbo. Amene waona kuti udindo sukukwera asadikire kampani kuti imutumize kusukulu. Maphunziro a Cisco, a Linux, a chitetezo cha makompyuta ndi a kusunga deta pa intaneti amapezeka kwa aliyense wokhala ndi laputopu ndi bandulo, ndipo satifiketi yake imakhala m'dzina la munthu, osati la kampani. Ola limodzi usiku uliwonse kwa chaka ndi lokwanira kusintha ntchito ya munthu. Muyeso wabwino ndi kudzifunsa kumapeto a chaka kuti n'chiyani chimene manja akutha lero chimene sankatha chaka chatha. Yankho likakhala lakuti palibe kwa zaka ziwiri zotsatizana, nthawi yoyang'ana kwina yakwana, ngakhale malipiro akubwera pa nthawi yake.

Kuchoka nako kuli ndi mwambo wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: munthu sataya ntchito ili m'manja chifukwa cha lonjezo la pakamwa, kapena chifukwa chopsa mtima pa msonkhano wa Lolemba. Amayamba wapeza kalata ya kwina, kapena wasunga ndalama ya miyezi ingapo. Ngongole ndi imene imamanga ambiri pa mpando umene akuuda. Amene malipiro ake amafika atadulidwa kale theka ndi banki sangakane chilichonse chimene bwana anganene. Geni ya pambali ndi yabwino, kaya ndi shopu yokonza mafoni pa Balaka, kaya ndi munda wa nandolo kumudzi, bola isagwiritse nthawi, galimoto kapena makasitomala a kampani, ndipo isapikisane ndi bwana mobisa. Mapanga awiri avumbwitsa ngati munthu sanasankhe lenileni logonamo.

Malawi ali mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Ntchito imene ikulirilidwa ku Texas kapena ku Manchester ikhoza kudzatera pa laputopu ya mtsikana wa ku Balaka, chifukwa kwa olemba ntchito a kunja iye ndiye wotsika mtengo. Fayiba yafika m'maboma, Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, ndipo alipo kale achinyamata olemba mapologalamu, ojambula ndi omasulira amene amalandira madola ali kwawo. Mwayiwu ndi weniweni, koma walira mvula walira matope. Ntchito yotere kawirikawiri ilibe penshoni, ilibe tchuthi cholipidwa, ndipo imatha ndi imelo imodzi; ofesi ya leba ya ku Machinga singaitane bwana wokhala ku Berlin. Zina mwa ntchito zotumizidwa ku Africa ndi zimene eni ake sazifuna. Ku Nairobi, antchito a kampani ya Sama ankaonera zithunzi ndi makanema a nkhanza tsiku lonse kuti azichotse pa Facebook, ndipo atachotsedwa mu 2023, oposa 180 anakasuma kukhothi, akudandaulanso za kuvulala kwa maganizo. Palinso akuba olengeza ntchito za pa intaneti zofuna kulipira kaye ndalama yolembetsera. Ntchito yeniyeni siyamba ndi kutumiza ndalama. Wogwira ntchito ya kunja ali kumudzi afunika sola ndi batire, chifukwa kasitomala wa ku Ulaya samva zakuti magetsi anazima, monga anazimira miyezi yambiri namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022. Afunikanso kudzisungira yekha ya ukalamba ndi kulipira msonkho ku MRA.

Njira yotsala ndi yopanga zinthu zofunika kwawo konkuno. Bungwe la Baobab Health linayamba ku Kamuzu Central Hospital kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndipo achinyamata a ku Malawi analemba mapologalamu osungira mbiri ya odwala amene anafalikira m'zipatala zambiri, opangidwa moganizira magetsi ozimazima ndi anamwino otanganidwa. Mu Lilongwe, mHub imene anayambitsa Rachel Sibande yaphunzitsa ana ndi atsikana ambiri kulemba mapologalamu. Ndalama za ntchito zotere sizifanana ndi za makampani akuluakulu, ndipo kasitomala wa kumudzi amalipira mochedwa, nthawi zina atakolola. Komabe zosowa zilipo zooneka ndi maso. Makopaletivi a thonje ndi nandolo amalembabe masikelo awo m'makope. Asodzi a ku Chiuta ndi ku Chilwa amagulitsa nsomba osadziwa mtengo wa ku Limbe tsiku limenelo. Malo ogona alendo ozungulira nkhalango ya Liwonde, imene African Parks yakhala ikuyang'anira kuyambira mu 2015, amafuna wowakonzera intaneti ndi njira zolipirira, ndipo masukulu a sekondale a ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Phalula akalandira makompyuta a mphatso, wowakonza akawonongeka amachokerabe ku Zomba kapena ku Blantyre.